Njerewere zandikana zaka zitatu, dokotala akuti andipake mankhwala oti ndiziyabwa dala

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso koma ndiloleni ndidandaule kaye kkkk. Ndili ndi njerewere zomwe zandikana zaka zitatu tsopano, zinayi zazungulira chikhadabo cha chala chachikulu cha kumanja, ina ili kuphazi pansi pa chidendene pomwe ndimapondera penipeni. Ine ntchito yanga ndi yosoka nde tangoganizani, ulusi umangokodwa pamenepo, singano ikangokhudza magazi. Ndinapaka salicylic acid miyezi itatu yathunthu osadumphitsa, kunyika m'madzi ofunda, kupala, kupaka, kumata pulasitala usiku uliwonse, zinangochepa pang'ono kenako nkubwerera. Anandiwotchapo ndi nayitrojeni wozizira uja kasanu, ululu wake osanena, tuza kutuluka, kuphulika, nkhanambo kugwa, ine nkumati basi zatha, patapita mwezi ndi izo zamera pomwepo ndipo ina inachita kumera mozungulira pomwe anawotchapo ngati mphete. Dzulo dokotala wa khungu wandiuza kuti tiyese mankhwala ena akuti DPCP, akuti ayamba wandipaka pamkono pomwe palibe njerewere nkomwe kuti thupi langa lidane nawo, kenako azidzapaka pa njerewerezo kuti pazindiyabwa. Ine ndangovomera koma kunena zoona sindinamve bwinobwino. Kuyabwa kungachotse bwanji njerewere? Alipo anayesapo?

Ankolo B: Iii achemwali mpaka kukakupatsani matenda ena kuti oyambawo athe? kkkk ine zanga ndinangodula ndi lezala

Nachisale: Nde zinatha ankolo?

Ankolo B: Inali imodzi pano zilipo zisanu ndi imodzi

Mayi wa Mapasa: Kkkkkk ankolo mwandiseketsa ndili pantchito

Sisita wa Khungu: Ankolo lezala ija muitaye, ndi imene yakufalitsirani. Kachilombo kake kamalowera pamene khungu lachekeka kapena kukalika, nde mukadula njerewere nkukhudza pena ndi lezala yomweyo mwadzala nokha. Achemwali a Nachisale, ine ndimagwira ntchito ku kiliniki ya khungu ndipo mankhwala amenewo ndimapaka anthu, ndiyese kufotokoza mmene ndimawauzira odwala athu. Njerewere imabwera ndi vayirasi yotchedwa HPV, ilipo mitundu yoposa 100, ya m'manja ndi kumapazi nthawi zambiri ndi mitundu ngati 1, 2, 4, 27 ndi 57. Chomwe chimapangitsa kuti ikhale yovuta ndi malo omwe imabisala. Imakhala m'khungu lapamwamba lokha, momwe simudutsa mitsempha ya magazi, siyenda m'magazi, komanso siphulitsa maselo omwe yalowamo ngati mavayirasi ena, imangowapangitsa kuti azichulukana nkuunjikana, nkumatuluka mwakachetechete ndi khungu lomwe likufunduka. Nde asilikali a m'thupi amangodutsa osadziwa kuti pali mlendo. Asidi uja ndi nayitrojeni zimaononga khungu lomwe lili ndi vayirasi, koma maselo ochepa akangotsala m'mbali imameranso. DPCP sapha vayirasi ayi. Ntchito yake ndi kuyambitsa phokoso pamalo pomwe pali njerewere kuti asilikali athamangirepo, akafika pothana ndi mankhwalawo nkupeza kuti pali maselo ena achilendo, nkuyamba kulimbana nawonso. Kuyabwa kuja ndi chizindikiro choti afika.

Nachisale: Ooo nde zikumveka tsopano asisita. Koma nanga chopakira pamkono pabwinobwino nchiyani, bwanji osangopaka pa njerewere pomwepo?

Sisita wa Khungu: Chifukwa thupi lanu silinakumanepo nawo mankhwala amenewa chibadwire, siliwadziwa. Koyamba timapaka amphamvu, kawirikawiri a 2%, pa kamalo kakang'ono ngati chikhadabo mkati mwa mkono chakumtunda, nkumata. Pamatenga masabata pafupifupi awiri kuti thupi liwaphunzire nkuwasunga m'mutu ngati mdani. Kuchoka apo ngakhale kadontho kosungunula kwambiri kakakhudza khungu thupi limalusa. Pa njerewere khungu ndi lokhuthala, mankhwala savuta kutsakamira pamwamba, nchifukwa chake ambiri amayambira pofewa, ngakhale madokotala ena amapaka pa njerewere pomwepo kuyambira tsiku loyamba, zimasiyana chipatala ndi chipatala.

Wa Famase: Ndiwonjezere pang'ono pa zomwe anena asisita, ine ndikuphunzira za mankhwala nde izi tinazidutsa. Mankhwala amtunduwu alipo atatu odziwika. Oyamba anali DNCB, anayamba kuwagwiritsa ntchito pa njerewere m'zaka za m'ma 1970, koma anadzapezeka kuti pa mayeso a mu labu otchedwa Ames test amasokoneza majini a mabakiteriya, nde ambiri anawasiya poopa khansa. Atsala ndi DPCP, dzina lonse diphenylcyclopropenone ena amati diphencyprone, ndi SADBE. Anawasankha dala chifukwa sapezeka mu zinthu zomwe timagwira tsiku ndi tsiku, apo ayi munthu bwenzi akutupa akangogwira sopo kapena penti. Amawasungunula mu acetone, madzi omwe aja ochotsera polishi wa m'zikhadabo, nde akakupakani pamauma msanga nkumamveka kuzizira. DPCP amaonongeka ndi kuwala nchifukwa chake amakhala m'botolo lakuda, SADBE amafuna firiji. Ndipo ndi omwewanso omwe amapaka pamutu anthu omwe tsitsi limathothoka m'zigambazigamba, alopecia areata.

Ankolo B: Nde ndikapake padazi langali?

Wa Famase: Ayi ankolo lanulo ndi la ukalamba kkkk silikukhudzana ndi chitetezo

Bambo a Tadala: Ine ndinadutsamo achemwali nde ndikuuzeni zosabisa. Zanga zinali kuphazi lamanzere, osati imodzi koma zambirimbiri zolumikizana ngati chigamba, kuyenda ndinkachita kupendekeka mpaka bondo linayamba kupweteka chifukwa chopondera m'mbali. Atandipaka pamkono masiku oyamba palibe chomwe ndinamva, ndinkati andinamiza awa, koma pa tsiku lachisanu ndi chinayi pamalo paja panafiira nkutupa, timatuza ting'onoting'ono, kuyabwa kwake kofuna kudzikanda ndi foloko. Kenako nde anayamba kuphazi, ankayamba apala khungu lakufa lija ndi kampeni mpaka timadontho takuda tija tionekere, nkupaka ndi kathonje ka pa kamtengo, nkumata, nkundiuza kuti ndisanyowetse masiku awiri. Maulendo atatu oyamba kunalibe chilichonse, anali kungokweza mphamvu ulendo uliwonse. Ulendo wachinayi phazi linayabwa usiku onse, mwanabere kutuluka pa mphechepeche, ndinachita mantha koma anati zimachitika. Ndinapita kasanu ndi katatu zonse pamodzi, zinayamba kuda nkumafwifwa m'mbali, tsiku lina ndikusamba ndinangoona mizere ya khungu yabwerera pamalo paja. Pano zaka ziwiri sizinabwerere. Koma chomwe sanandiuze momveka, pamkono paja panatsala banga lakuda ndipo mpaka lero likuoneka ngakhale lachepa.

Nachisale: Bangalo ndi lalikulu bwanji bambo? Ine izi nde zomwe ndikuopa, khungu langa ngakhale udzudzu ukandiluma pamatsala chizindikiro miyezi

Bambo a Tadala: Ngati batani la malaya, ndipo lili mkati nde saliona munthu pokhapokha nditakweza mkono

Sisita wa Khungu: Funso limenelo mukamufunse dokotala wanu maso ndi maso musachite manyazi. Kwa anthu a khungu lakuda nkhani ya mtundu wa khungu si yaing'ono, pamalo pomwe patupa pamatha kuda kuposa pena, kapena kuyera, ndipo mwa apo ndi apo ena amayamba mawanga oyera a vitiligo omwe savuta kukhalitsa. Ngati inu kapena wina kubanja kwanu ali ndi vitiligo munene asanakupakeni. Komanso mupemphe kuti poyambira pakhale pobisika. Ine ndimakana kupaka munthu ndisanamufotokozere zimenezi, chifukwa wina amabwera ndi njerewere imodzi yosapweteka nkomwe, nde kusinthanitsa ndi banga la moyo wonse sizoona.

Mayi wa Mapasa: Asisita nanga ana? Mmodzi mwa mapasa anga ali ndi zaka 7, ali nazo zitatu pa bondo ndi imodzi pa chala, zatha miyezi isanu. Anzake akumuseka kusukulu akuti wagwira chule

Sisita wa Khungu: Chule alibe mlandu mayi, vayirasi imeneyi ndi ya anthu okhaokha. Kwa mwana yemwe wakhala nazo miyezi isanu yokha ine sindingathamangire DPCP. Ana ambiri zimatha zokha, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse zimakhala zitachoka pomatha zaka ziwiri popanda mankhwala alionse, chifukwa thupi limadzazindikira lokha. Ngati zikumuvutitsa yambani ndi salicylic acid, moleza mtima mpaka masabata 12, muzitchinga khungu labwino la m'mbali ndi Vaseline. Mumuletse kuzitong'ola ndi kuluma zikhadabo. Ana amapakidwa ndithu mankhwala tikukambawa, ndipo ena amawakonda chifukwa popaka sipapweteka ngati nayitrojeni, koma ndi a njerewere zomwe zakanika zinazo.

Ankolo B: Koma inu zonsezi zachuluka, ine ndinamva kwa agogo anga zoti ukangomata selotepi yolimba ija ya siliva masiku angapo imachoka

Wa Famase: Zimenezo zinatchuka chifukwa cha kafukufuku wina wa 2002 yemwe anaonetsa ngati tepiyo ikuposa nayitrojeni, koma ena atayesanso pambuyo pake sanapeze zotsatira zabwino choncho. Sizoopsa kuyesa bola musamange mothinitsa chala. Vuto la njerewere ndi loti zimatha zokha nthawi yomwe zafuna, nde chilichonse chomwe munthu anapaka sabata imeneyo chimatenga ulemu

Ankolo B: Nde mukuti agogo anga ankanama?

Mayi wa Mapasa: Ankolo khalani pansi kkkk

Osanditchula: Pepani ndalowa ndi akaunti ina, musandifunse. Zanga zili kumalo obisika. Kodi amenewa angathandize? Ndaona pa intaneti akugulitsa DPCP wa ufa, ndimaganiza ndingoitanitsa ndizipaka ndekha chifukwa kukavula pamaso pa anthu ine zikundikanika

Sisita wa Khungu: Chonde chonde musayerekeze. Ndikubwereza, musayerekeze. Ife amene timapaka anthu timavala magolovesi ndi epuloni, ndipo alipo anzathu omwe anasiya kugwira botolo limenelo chifukwa kadontho kanawagwera thupi lawo nkudana nawo, pano akangoyandikira manja amatupa. Kusiyana kwa 0.01% ndi 1% ndi ka 100, simungayeze ndi supuni kunyumba, mukaphonya ndi matuza aakulu ngati mwapsa ndi madzi otentha, zidzolo thupi lonse, ndipo kumalo mukunenako khungu ndi lopyapyala kwambiri. Mudzapakanso mnzanu wogona naye osadziwa. Kumeneko kuli mankhwala ake ena ogwira ntchito kudzera m'chitetezo momwemo, kirimu wotchedwa imiquimod, ambiri amamudziwa ndi dzina loti Aldara, ameneyo nde amapaka munthu yekha kunyumba dokotala akamulembera. Koma akuoneni kaye, si chotupa chilichonse cha kumeneko chomwe ndi njerewere, chindoko nachonso chimatha kutulutsa zofanana nazo ndipo mankhwala ake ndi ena. Za manyazizo, ife timaona zimenezi tsiku lililonse mpaka sitikumbukanso nkhope.

Wa Famase: Imiquimod wa 5% anavomerezedwa ku America mu 1997 pa njerewere za kumaliseche zakunja. Amapaka katatu pa sabata pogona, nkusamba pakatha maola 6 mpaka 10, osapitirira masabata 16. Iyeyu safuna zoyamba wakuphunzitsa thupi ngati DPCP, amangodzutsa maselo a chitetezo a pakhungu kuti atulutse interferon ndi zina zolimbana ndi mavayirasi. Pamafiira, pena kusupuka, ena amamva ngati chimfine. Chofunika kudziwa, amafewetsa kondomu nde osagonana kirimu ali pathupi. Aliponso mafuta ena opangidwa kuchokera ku masamba a green tea otchedwa Veregen, nawonso ndi a kumeneko

Osanditchula: Zikomo. Ndinenenso kuti ndili pa ma ARV, mwina nchifukwa chake sizikutha?

Sisita wa Khungu: Mwachita bwino kunena. Si ma ARV omwe akuchititsa, iwo nde akukuthandizani. Chitetezo chikakhala chotsika njerewere zimachuluka, zimakula komanso zimabwererabwerera, chimodzimodzi kwa omwe anaikidwa impso ya munthu wina nkumamwa mankhwala otsitsa chitetezo. Ndipo poti mankhwala tikukambawa amadalira asilikali anu omwe, akakhala ochepa kapena ofooka zotsatira zimachedwa kapena osaoneka. Nde pitirizani kumwa mwandondomeko, mukauze amene amakuonani, ndipo ngati ndinu mayi muyezetsenso khomo la chiberekero. Mitundu yobweretsa njerewere za kumaliseche kwambiri ndi 6 ndi 11, ya khansa ndi ina monga 16 ndi 18, koma munthu amatha kukhala nayo ingapo nthawi imodzi.

Nachisale: Nde kirimu ameneyo bwanji osangondipatsa ine ndizipaka kunyumba m'malo moyenda maulendo onsewa?

Sisita wa Khungu: Ena amayesa, koma pa chala ndi kuphazi khungu ndi lolimba, kirimu salowa bwino nde zotsatira zake sizodalirika ngati pa khungu lofewa. Pofuna kuti alowe mpaka kupala kaye, kuphatikiza ndi asidi, kumata. Zanu za m'mbali mwa chikhadabozo DPCP ali ndi ubwino wina, kuwotchawotcha pamenepo kumatha kuononga pomwe chikhadabo chimamerera nkukhala chopindika mpaka kalekale, pomwe uyu sawotcha.

Nabanda: Ine ndikhale wotsutsa pang'ono poti nonse mukuyamikira. Ndinapita maulendo khumi ndi awiri, miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, kuyabwa ndinayabwa, kusagona ndinasagona, khosi linatuluka zidzolo, njerewere zili pheee kundiyang'ana. Mapeto ake ndinangosiya. Anadzandibaya jakisoni mkati mwa njerewere yaikulu, wa Candida, womwe ndi mtundu wina wa fangasi, katatu, nde pamene zinayamba kuchoka mpaka zomwe sanabaye. Nde musamuuze munthu ngati ndi zotsimikizika

Sisita wa Khungu: Zoona a Nabanda ndipo zikomo ponena. Palibe mankhwala a njerewere omwe amachiza aliyense, akanakhalapo sibwenzi tili ndi njira zambirimbiri chonchi. Alipo ena thupi lawo limakana nkomwe kudana ndi DPCP, timapaka pamkono kawiri katatu osafiira, amenewo timangosintha njira. Jakisoni mukunenayo nzeru yake ndi yomweyo, kungoti m'malo mophunzitsa thupi mdani watsopano amagwiritsa ntchito yemwe thupi likumudziwa kale, Candida, kapena katemera wa chikuku uja wa MMR, kapena PPD uja woyezera TB pakhungu. Ndinenenso poyera kuti DPCP si mankhwala olembetsedwa ngati mapilitsi a m'paketi, amachita kusakanizidwa ku famase yapadera ndipo si chipatala chilichonse chili nawo, nchifukwa chake ambiri amakusainitsani kaye mutamva ubwino ndi kuipa kwake. Ndipo oyembekezera, oyamwitsa kapena amene akufuna kutenga mimba sitiwapaka.

Nachisale: Ayi kumeneko ndinatseka kale asisita kkkk atatu akwana

Mayi wa Mapasa: Nanga katemera wa HPV uja sangathandize kuti zichoke?

Wa Famase: Katemera ndi woteteza, sanapangidwire kuchiza zomwe zatuluka kale. Gardasil woyamba wa 2006 amateteza ku 6, 11, 16 ndi 18, mitundu ya m'manja ndi kumapazi mulibemo. Ana abayitseni ndithu nthawi yake ikakwana koma chifukwa chake ndi khansa, osati za pa bondozi

Adimini: Ndachotsa uthenga wa munthu amene amatsatsa mafuta ochotsa njerewere tsiku limodzi uja. Pano sitigulitsa mankhwala. Pitirizani.

Nachisale: Ndabweranso abale. Anandipaka pamkono masiku 11 apitawo. Bambo a Tadala munanena zoona, sabata yoyamba zii, ine mpaka kumakanda dala kuti mwina ndimve kanthu. Dzana usiku ndadzidzimuka pakati pa usiku mkono ukuyabwa ngati mwalowa nyerere, kuyatsa tochi ya pafoni ndikuona kabwalo kofiira kotukuka, malire ake ochita kuoneka bwinobwino pomwe panali pulasitala, pamwamba timatuza tating'ono ngati mame. Amuna anga akuti tiye kuchipatala, ine ndikuseka ndikuti ayi izi nde timadikira. Anandipatsa kirimu woti ndipake pakavuta nde ndapaka, pano bola.

Bambo a Tadala: Takulandirani kkkk. Langizo limodzi, tsiku lomwe apake pachalapo musagwire kumaso. Ine ndinagwira sokosi nkudzatikita diso, chikope chinatupa masiku atatu anthu nkumandifunsa kuti ndamenyedwa ndi ndani

Sisita wa Khungu: Eya chimenecho nchofunika kwambiri makamaka kwa inu poti zili pa chala. Pakhale pomata mpaka nthawi yomwe akuuzani, pochotsa pulasitala muikulunge nkutaya pomwe mwana sangatole, nkusamba m'manja ndi sopo. Usiku valani golovesi ya nsalu kapena sokosi kudzanja chifukwa munthu ali mtulo amagwira khosi, maso, ndi kwina. Musaike chalacho padzuwa tsiku limenelo poti kuwala kumaononga mankhwala. Chomwe tikufuna ndi kufiira pang'ono ndi kuyabwa kwa tsiku limodzi kapena awiri, osati matuza aakulu. Anthu amaganiza kuti kupsa kwambiri nde kuchira msanga, ayi, ukapsa kwambiri timayamba tadikira kuti pole nde wachedwanso. Mukapita ulendo wotsatira mukanene ndendende kuti kunayabwa masiku angati, ndi zomwe timayendera posankha kukweza kapena kutsitsa mphamvu. Mukaona zidzolo thupi lonse, milomo kapena maso kutupa, kupuma movutika, osadikira tsiku la kiliniki.

Ankolo B: Ine mwandiopseza ndakataya lezala ija. Koma imodzi mwa zangazi ili kuphazi ndipo ine ndili ndi shuga, ndigule asidi uja?

Sisita wa Khungu: Ayi ankolo, apa nde ndasiya nthabwala. Munthu wa shuga asapake asidi kapena kudzicheka kuphazi payekha, mapazi amatha kuchita dzanzi osamva kuti mwapsa, magazi sayenda bwino, kabala kakang'ono kamasanduka chilonda chosapola. Pitani akakuoneni. Komanso mwina si njerewere nkomwe, pena ndi khungu longolimba chifukwa cha nsapato yothina. Kusiyanitsa kwake, pa njerewere mizere ya khungu ija imaduka nkuizungulira, mukapala mumaona timadontho takuda, ndipo imapweteka kwambiri mukaifinya m'mbali kusiyana ndi kuidina pamwamba. Timadonthoto si mizu kapena mbewu ngati mmene anthu amanenera, ndi timitsempha ta magazi tomwe tauma. China, kwa wamkulu chotupa chomwe chakhala zaka, chikukula, chikutuluka magazi chokha kapena kusanduka chilonda, timadula kachidutswa kukayeza, chifukwa khansa zina za pakhungu zimayamba zikuoneka ngati njerewere.

Ankolo B: Mwamveka asisita ndipita Lolemba

Nabanda: A Nachisale muzijambula chithunzi sabata iliyonse pamalo amodzimodzi, maso amanama. Ine ndinkati zikuchepa pomwe zili chimodzimodzi

Nachisale: Ndabwera ndi lipoti, papita miyezi itatu ndi theka, ndapakidwa kasanu ndi kawiri. Ndinamvera za zithunzi zija a Nabanda. Pachala anayamba ndi 0.1% anandikwana pomwepo, chala chinkafiira nkumagunda ngati muli mtima masiku awiri, kusoka ndinkasiya kaye masiku amenewo chifukwa ndinkaopa kupaka pa nsalu za anthu. Kuphazi nde kunavuta, anakweza mpaka 2% kuti ndiyambe kumva kanthu. Ulendo wachitatu ndinalakwitsa ndekha, pulasitala inanyowa ndikutsuka mbale ine nkuichotsa ndi mano, mlomo wam'munsi unatupa ngati wandiluma mavu, ana kuseka sabata yonse. Koma tamverani izi, ndinali ndi ina yaing'ono pa chigongono yomwe sindinawaonetse nkomwe poti siinkandivuta, sabata yatha ndikudzola mafuta ndikupeza palibe, pangotsala kamalo kosalala. Sanapakepo ngakhale kamodzi. Za pa chikhadabo zitatu zinada nkuyoyoka, ya kuphazi yatsala ngati kanjere ndipo ndikuponda bwinobwino. Imodzi yokha yomwe inalowa pansi pa chikhadabo ija nde ikuchita makani.

Wa Famase: Ya pa chigongonoyo nde umboni woti si mankhwala omwe achotsa, thupi laizindikira vayirasi nkukaisaka kwina. Asidi sangachite zimenezo

Nabanda: Kapena inangotha yokha kkkk koma ayi ndakondwa nanu achemwali

Nachisale: A Nabanda inu kkkkk. Banga la pamkono lilipo, lakuda, sindinama, ndikuliyang'anira

Sisita wa Khungu: Ya pansi pa chikhadaboyo mankhwala sakuifikira, muwapemphe awenge chikhadabocho chakutsogolo asanapake kuti ionekere. Ndipo musasiyire panjira poona kuti zambiri zapita, ya kuphaziyo mpaka mizere ya khungu idutse pamalopo osaduka. Chopalira chija mwakhala mukugwiritsa ntchito mutaye, musapalirenso khungu labwino.

Nachisale: Ndikanena Lachinayi. Ankolo B munapita kuchipatala kuja?

Ankolo B: Ndinapita, ya kuphazi ija akuti si njerewere ndi nsapato, andiuza ndisinthe saizi. Zisanu za m'manjazi nde akuti tiyambe ndi asidi kaye masabata 12, lero ndi tsiku lachinayi ndipo ndaiwala kale kawiri